Chedli Apempha Njira

Chedli anabwerera ku Sfax pa sitima ya masana, diso limodzi likupenya. Mukuganiza kuti pakhomo panalira nthungululu? Ayi ndithu. Mkazi wake Manoubia anamukokera m'nyumba, kutseka chitseko, kutseka zenera, n'kumukhazika pansi ngati munthu wabwera ndi katundu wakuba.

"Wakuonani ndani ku siteshoni?"

"Aliyense wandiona. Bwanji osafunsa kuti ine ndaona ndani?" Chedli anavula magalasi akuda n'kumuyang'ana nthawi yaitali, mutu atapendeketsa. "Iwe Manoubia, ndiye nkhope yako ndi imeneyi?"

"Musandiyang'ane choncho. Mwachedwa, inatha kalekale."

Anaseka onse awiri, kenako Manoubia analira, kenako anapukuta misozi n'kuyamba kulongolola, chifukwa mayi ameneyo chisoni ndi mkwiyo zimatulukira khomo limodzi.

Ng'ala inaphimba maso a Chedli asanamere ndevu. La kumanzere linaferatu, koma la kumanja dokotala wa ku Tunis analipala, ndipo linadzuka. Amene anakakamiza ulendowo anali Najiba, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene ukwati wake unali pafupi. Anawalirira bambo ake miyezi yambiri kuti, "Baba, ndikufuna mudzandione pa tsiku langa." Kwa anansi banjalo linanena kuti Chedli wapita kukafuna chikopa cha ng'oma, poopa manyazi ngati dokotala akanalephera. Zoti dokotala angathe, palibe anaziganizira bwinobwino.

Masiku amenewo ukwati kwathu unkakhala pawiri: amuna panja pa msewu ndi matambula awo a tiyi, akazi m'bwalo la m'kati mwa nyumba. M'bwalomo akazi ankavula safsari, nsalu yoyera ija yofunda thupi lonse, kumasula tsitsi, kuvina mpaka zigwinjiri za m'miyendo kutentha. Mwamuna aliyense, kaya wogulitsa madzi kaya mlamu weniweni, akafuna kulowa m'nyumba ya eni ake ankayamba waima pakhomo, kutsokomola, n'kufuula kuti "Njira!" kuti akazi afunde. Amene ankalowa osafuula anali oimba akhungu okha. Chedli ndi ng'oma yake ya dothi, mnzake Tijani ndi vayolini yake, analowa m'mabwalo a akazi a mzinda wonse kuyambira ali anyamata mpaka imvi mbuu, osatsokomolapo ndi kamodzi komwe.

"Ndiye mwapenya, chabwino, Mulungu ndi wamkulu," anatero Manoubia. "Mawa mukaimba kuti? Oimba amaso adzaza m'maholo, anyamata a magitala ndi zimkuzamawu zawo. Inu ndi imvi zanuzi mukalimbana ndi ndani? Nanga pa tsiku la mwana wanuyu, ng'oma adzaimba ndani? Mwaimbira ana a eni ake mzinda wonse, wanu yekha adzaimbiridwe ndi mlendo?"

Najiba anali chiimire pakhomo la kuchipinda, akuluma nsonga ya mpango wake. Apa m'pamene anazindikira chimene anachita. Ankafuna bambo ake adzamuone, ankafunanso adzamuimbire, koma woona salowa m'bwalo, ndipo wolowa m'bwalo saona.

"Ndidzakuvalirani kuno kunyumba, Baba," anatero motsitsa mawu.

"Udzavala chiyani?" anamudula mayi ake. "Chovala chagolide chija n'cha Lella Douja, woveka akwatibwi uja. Sichituluka m'bokosi mwake mpaka nthawi yokukweza pa mpando itakwana, ndipo amakuveka yekha ndi manja ake. Ukuchita ngati si iwe wa kuno."

Nzeru inachokera kwa Manoubia yemweyo. Magalasi akuda abwerere pankhope, ndodo ibwerere m'manja. Akamalowa m'bwalo la akazi azitsinzina, ndipo alumbire kuti sadzasuzumira. "Tsiku la Najiba lokha mudzangophethira kamodzi. Kamodzi kokha, kuseri kwa magalasi. Adzadziwa ndani?"

Chedli anavala magalasi.

Kuyambira tsiku limenelo munthu uja anasowa mtendere. Akakhala pansi, miyendo ikufuna kuyenda. Akatuluka, mtima ukufuna kunyumba. Ankazungulira m'timisewu ta mzinda wakale akugogoda ndodo ngati kale, diso likuba zinthu kuseri kwa galasi, ndipo zambiri sankazizindikira mpaka atazigwira. Mphaka ankamuyesa chisanza mpaka atalira. Anansi amene anakhala nawo moyo wonse ankamudutsa ngati alendo, n'kudzasanduka anthu pokhapokha akatsegula pakamwa. Ng'oma yake yomwe, imene ankaiganizira kuti ndi yokongola kuposa zonse mu Sfax, anaipeza ili yobenthuka kukamwa, chikopa chake cha nsomba chili bii ndi thukuta la manja ake. Anakhala nayo pamiyendo m'mawa wonse, akuiyang'ana mokhumudwa.

Ntchito yoyamba inali kwa Lella Beya, mkazi wa wamalonda a mafuta a maolivi, amene ankakwatitsa mwana wa mng'ono wake. Atafika pakhomo, Chedli anatsinzina zolimba mpaka nkhope kuwawa. Dzanja lofunda, lonunkhira hina, utoto wofiira wopaka m'manja, linamugwira pamkono. Anali Lella Douja, wokongoletsa akwatibwi, amene ankawapezera ntchito zonse, mayi wa mawu aakulu oti akanong'ona kukhitchini amamveka ku msika wa nsomba.

"Chedli wathu wabwera! Iwe, ku Tunis amakudyetsa chiyani? Taonani masaya!" Anamutsina tsaya n'kumukhazika pa mtsamiro pafupi ndi mbaula yowambira ng'oma.

Akazi anamuzungulira monga mwa masiku onse. Wina anamusungitsa khanda kuti amange bwino lamba. Wina anakhala pambali pake n'kuyamba kuuza mnzake za mwamuna wake, zinthu zoti mwamunayo atamva akhoza kusamuka mumzinda. Kenako kunabwera nthabwala yakale ija, imene sinkalephera pa ukwati uliwonse.

"Chedli, diresi langa lakongola?"

Yankho lake linkadziwika: "Lakongola zedi, ndaliona." Akazi ankafa nalo kuseka chaka ndi chaka. Tsiku limenelo sanathe kulinena. Anatsokomola, nanamizira utsi wa mbaula.

Koma abale, kutsinzina kwa munthu wopenya si khungu ayi. Kale kunali mdima wokhazikika, womulola kumva phazi lililonse. Tsopano dzuwa la m'bwalo linkapyola chikope, kufiira kuli psuu, zithunzithunzi zikudutsa, ndipo mawu onse amene ankawadziwa kwa zaka zambirimbiri anali ndi nkhope zawo pompo, kuseri kwa kakhungu kopyapyala. Lella Beya atalowa m'bwalo kudzavina, zigwinjiri zake zolemera zikulira, Chedli thukuta linali kamukamu. Ankaopa diso lake lomwe. Manja anayamba kuthamanga okha, kufuna kuti nyimbo ithe, ukwati uthe, atuluke.

Tijani anamuponda chala cha kuphazi. "Ukuthamangira kuti, iwe? Sitima yako inapita kale. Ufuna mayiyu athyoke chiuno?"

Anabweza dzanja, koma posakhalitsa linayambanso kuthamanga.

Anaweruka dzuwa lisanalowe. Ankayenda monga ankayendera nthawi zonse, Chedli patsogolo ndi ndodo, Tijani pambuyo dzanja lili paphewa la mnzake, vayolini kukhwapa. Tijani anali wamkulu, ndipo iye anabadwa wosaona. M'kanjira kopita ku mzikiti munthu wina anasiya dengu la makala pakatikati. Chedli analilambalala, osaganiza n'komwe.

Dzanja la paphewa lija linalimba. Tijani anaima.

"Panali chiyani pamenepa?"

"Dengu la makala, achimwene."

"Ndodo yako sinaligunde."

"Ndamva fungo."

"Makala ozizira? Mphuno imeneyo unaigulanso ku Tunis?" Tijani anafufuza khoma ndi dzanja, napeza sitepe ya pakhomo la eni ake, n'kukhala pansi. "Khala apa. Ndakhala ndikukumvetsera kuyambira tsiku unabwera. Kale ukamandiyankhula mawu ako ankadutsa pambali pa khutu langa, chifukwa unkanditchera khutu. Tsopano akundimenya pamphumi penipeni. Tiyi umangondipatsa m'manja, osagogoda tambula pa tebulo. Ukuyesa ndine mwana?"

Chedli anakhala pansi.

"Limodzi lokha, achimwene. La kumanja."

M'nyumba ina munkanunkhira nsomba yokazinga.

"Ndiye tandiuza," anatero Tijani. "Ine ndimaoneka bwanji?"

"Oipa, achimwene. Mphuno yokhota."

"Ndinkadziwa. Mayi anga ankandinamiza." Anaseka pang'ono, koma kusekako kunathera panjira. "Ndakondwa, Chedli. Wallahi, pali Mulungu, ndakondwa, ndipo nsanje ndili nayonso, sindikubisira. Koma tamvera. Lella Beya uja wavina leroyu, mwamuna wake sanamuonepo akuvina. Ana ake aamuna sanamuonepo. Wavina pamaso pako chifukwa ulibe maso. Ukuganiza kuti amatiitanira ng'oma yokha? Oimba bwino kuposa ife alipo. Amatiitana chifukwa pamene pali ife amapuma."

"Sindinatsegule. Ndikulumbira."

"Ndikudziwa. Koma ukadzagwidwa sadzati Chedli yekha. Adzati Tijani nayenso amaona, akhungu onse a mu Sfax amaona, akhala akutisuzumira zaka zonsezi. Azimayi amene tinawaimbira ali atsikana adzayenda ndi manyazi mpaka kumanda."

"Nanga Najiba? Ndimuimbire kapena ndimuone? Tandisankhirani inuyo, poti mukudziwa zonse!"

"Usandikalipire, si ine ndinakupala diso." Tijani anadzuka n'kufufuza phewa lija mpaka analipeza. "Najiba ndinamunyamula ali khanda, anandikodzera pa malaya anga a pa Idi. Tsiku lake ndidzaimba nawe, ndipo pakamwa panga sipadzatuluka kanthu. Koma ukadzasuzumira mobisa ndidzamva, ndipo ndidzaika vayolini pansi pomwepo, pamaso pa onse."

"Mudzamva bwanji?"

"Dzanja lako lidzandiuza. Tiye, ndili ndi njala."

Masiku otsalawo Chedli sankadya bwino. Ankadzuka pa mphasa, kukhala pa mpando, kuchoka pa mpando, kukwera padenga, kutsika. Manoubia ankati akumuzunguza mutu. Nthawi zina ankaima pakhomo la khitchini n'kumangoyang'ana Najiba akupeta ufa wa tirigu wophikira kusikusi, mpaka mwanayo kuchita manyazi. Anapeza kuti ali ndi kachipsera pachibwano, kamene zala zake zinkakadziwa kuyambira tsiku anagwa pa masitepe ali wamng'ono, koma sankadziwa kuti akamaseka kamabisala.

M'mawa wa tsiku lake Najiba anabwera, manja atakulungidwa nsalu chifukwa cha hina, n'kugwada pafupi ndi bambo ake.

"Baba, musavutike. Ingoimbani basi. Kundiona mwandiona kale."

Ananena bwino, koma mawu ake ankanjenjemera, ndipo Chedli anali katswiri wa mawu onjenjemera.

Itatha swala ya masana bwalo la nyumba yawo linadzaza thothotho. Panabwera akazi a m'banja, akazi a kuchimuna, anansi, ndi ena oti palibe anawaitana koma anamva kuti Chedli akuimbira mwana wake. Iye anakhala pa mtsamiro, maso ali tsinzinu kuseri kwa magalasi, akuwamba ng'oma pa mbaula. Ankaizunguza pamwamba pa makala, kuigogoda ndi chala, kuizunguzanso, mpaka chikopa chinayankha mawu amene ankawafuna. Manoubia anadutsa ndi mbale ya makeke a mtedza wa amondi, nawerama ngati akumukonzera kolala.

"Kamodzi kokha," ananong'ona. "Akakwera pa mpando."

Anayamba. Tsiku limenelo dzanja silinathamange. Linkayenda molemera, mofatsa, moti Tijani anatembenuza mutu n'kung'ung'udza mokhutira. Akazi anavina, bwalo linatentha, fungo la lubani ndi thukuta ndi madzi a maluwa linasakanikirana. Kenako nthungululu zinasweka kuchokera kuchipinda, ndipo Chedli anamva chimene anachimva kambirimbiri pa ana a eni ake: kukhwekhwereza kwa chovala cholemera, timapazi tating'ono ta munthu woyenda atatsinzina, ndi Lella Douja akulamula.

"Pang'onopang'ono, mwana wanga. Ponda apa. Kwera. Manja m'mwamba, aone hina. Maso usatsegule, mkwatibwi sayang'ana anthu. Tembenuka tsopano."

Bwalo lonse linapuma mpweya umodzi. "Mashallah!" Mayi wina wachikulire anayamba kulira. Wina anati, "Koma mwana wa Chedli, abale inu! Bambo ake akanangomuona!"

Chikope cha kumanja chinayamba kugwedera chokha. Panalibe chovuta. Kakang'ono chabe, kampata kolowa ulusi, ndipo akanamuona. Mwina ngakhale Tijani sakanamva. Chedli anadziuza kuti ndi mwana wake, ndi nyumba yake, diso ndi lake, analipira ndi ululu wake.

Nthawi yomweyo munthu anamutsamira paphewa. Anali Lella Beya, anamudziwa ndi zigwinjiri. Ankavula nsapato kuti avine bwino, ndipo anagwira phewa la Chedli osapempha, osaganiza, monga munthu amagwirira khoma la m'nyumba mwake. Tsitsi lake lomasula linamukhudza patsaya. Ankaseka, akupuma mwawefuwefu.

"Limba, Chedli wathu, lero ndikuvinira mwana wako mpaka miyendo ithyoke!"

Chedli anaika chikhatho chonse pa chikopa. Ng'oma inati zii. Vayolini inapitirira pang'ono yokha, n'kuima.

Anatsokomola. Kenako, ndi mawu amene sanawagwiritsepo ntchito moyo wake wonse, anafuula:

"Njira!"

Akazi anafa nacho chikhakhali. "Njira ya kuti, Chedli? Wakhala kale pakati pathu!" "Wayamba nthabwala zatsopano!" "Imba, iwe, mwana watopa pa mpando!"

"Njira, amayi. Fundani. Muno muli mwamuna." Anakweza mawu. "Ndikupenya."

Kuseka kunazima pang'onopang'ono, kuyambira pafupi mpaka kumakona. Dzanja lija linachoka paphewa pake ngati lagwira mbaula. Kenako kunali chipwirikiti: mapazi balalabalala, matambula kusweka, ana kulira, aliyense kulimbirana safsari ya mnzake. Manoubia anati "Mayo ine!" kamodzi kokha. Chedli anangokhala pamene anali, maso ali chitsinzinire, manja ali pa ng'oma, akudikira.

Mapazi olemera anabwera n'kuima patsogolo pake. Mawu a Lella Douja anamveka osiyana, chifukwa tsopano ankadutsa m'nsalu.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira ulendo wa ku Tunis."

"Ndiye kwa Beya kuja munali mukupenya?"

"Ndinali nditatsinzina, Lella. Kuyambira pakhomo mpaka pakhomo. Leronso sindinatsegule. Mulungu ndi mboni."

"Mulungu ndi mboni ya aliyense," anatero mayi wina kumbuyo, mokwiya. Penapake Lella Beya ankalira motsitsa, kulira kwa manyazi, ndipo kulira kumeneko kunamupweteka Chedli kuposa mawu onse.

"Ine ndine wakhungu, sindinaone kanthu," anatero Tijani, "koma ndili ndi makutu. Kwa Lella Beya munthuyu anaimba ngati akuthawa galu, mpaka ndinamuponda phazi. Munthu amene akudyerera maso safulumira kuti nyimbo ithe. Sanatsegule. Akanatsegula ndikanakuuzani ndine, ndipo iye akudziwa."

Lella Douja anapuma mwamphamvu.

"Munalakwa kulowa," anatero. "Munalakwa kwambiri, ndipo simudzalowanso, kaya kuno kaya kwina kulikonse kumene ine ndikuveka mkwatibwi. Mwamva?"

"Ndamva, Lella."

"Chabwino. Tafunda tonse. Mwanayu waima pa mpando nthawi yaitali, mikono yamuwawa. Yang'anani msanga, Si Chedli."

Si Chedli. Mayi amene anamutsina masaya kwa zaka zonsezo, amene ankamutcha iwe ngati mwana wa m'nyumba, tsopano ankamulemekeza ngati mlendo. Chedli anavula magalasi n'kuwaika pansi. Anatsegula diso.

Poyamba kunali kuwala kokhakokha, mpaka misozi. Kenako anaona bwalo lake litazungulidwa ndi nsalu zoyera, mizeremizere, zopanda nkhope, zina zitatembenukira kukhoma. Anthu onse amene ankawadziwa ndi mawu, ndi kuseka, ndi kulira kwa zigwinjiri, anali atatsekeka. Pakati pa kuyera konseko panali munthu mmodzi yekha wosafunda. Anaima pamwamba pa mpando, golide kuyambira kumutu mpaka kumapazi ali waliwali padzuwa, manja ofiira ndi hina ali m'mwamba akunjenjemera ndi kutopa, maso ali otseka monga mwa mwambo. Misozi inali itatsitsa wanja, utoto wakuda wa m'maso, m'masaya onse awiri, kuwononga ntchito yonse ya Lella Douja. Pachibwano panali kachipsera kaja.

Mkwatibwi sayankhula ali pa mpando. Aliyense amadziwa zimenezo. Koma Najiba anayankhula, ndi timawu tating'ono, maso ali chitsekere.

"Baba, diresi langa lakongola?"

"Lakongola zedi, mwana wanga," anatero Chedli. "Ndaliona."

Palibe anaseka.

Anayang'anabe pang'ono, mwadyera, ngati munthu womwa madzi ulendo usanayambe. Kenako ananyamula ng'oma yake, nadzuka. Panalibe dzanja lomugwira pamkono. Anadutsa pakati pa nsalu zoyera zija, zikumupatukira mbali ndi mbali, maso ake ali pansi, mpaka anatuluka pakhomo la nyumba yake yomwe. Ndodo ndi magalasi anazisiya pa mtsamiro.

Panja amuna anali pa mipando m'mbali mwa msewu, matambula m'manja. Anamuyang'ana, iye anawayang'ana, ndipo sanadziwe kuti mlamu wake ndi uti, bambo a mkwati ndi ati. Wina anamukokera mpando, akufunsa kuti kwagwanji m'katimo. Chedli anakhala pansi. Pa maukwati onse a moyo wake sanakhalepo kumbali ya amuna, ndipo sankadziwa kuti kumeneko anthu amakamba chiyani.

M'kati munali zii kwa nthawi yaitali. Kenako vayolini inayamba yokha, ikutsimphina, ikufufuza poponda. Akazi angapo anayesa kuomba m'manja, koma aliyense ankaomba zake. Chedli anamvetsera, nkhope itakwinyika. Ukwati wa mwana wake, nyimbo ikugwa chonchi!

Anasiya mpando uja n'kukakhala pansi m'fumbi, msana atatsamira khoma la bwalo, pansi pa kazenera kakang'ono ka m'mwamba. Chikopa chinali chitazizira, ndipo mbaula inatsala m'kati. Anachipukuta ndi chikhatho mozunguza, mwamphamvu, mpaka dzanja linatentha, nachigogoda ndi chala. Sichinafike pamene ankafuna, komabe chinayankha. Anadikira Tijani afike pokhota nyimbo, n'kulowa.

Vayolini inadzidzimuka, kenako inawongoka n'kutsamira pa ng'oma monga dzanja lija linkatsamira paphewa. Manja a akazi anapezana. Chedli anaimba mwamphamvu kuti mawu akwere khoma, amuna onse atasiya tiyi akumuyang'ana, ana a m'misewu atamuzungulira. Anaimba nyimbo yonse, nayamba ina, khutu lili kukazenera. Kunkamveka manja okhaokha.

Pakati pa nyimbo yachiwiriyo anamva chimene ankadikira. Chigwinjiri chimodzi chinalira, mwamanyazi, n'kuima. Chinaliranso. Chinali cholemera, ndipo anachidziwa mwini wake. Kenako zinalowa zina, ndi zina, mpaka bwalo lonse kuseri kwa khoma linayamba kuwira.

Panalibenso womuuza kuti atsinzine. Msewu wonse unali poyera pamaso pake, ndi anthu ake, ndi dzuwa lake la madzulo. Koma mapazi a akazi aja sankawadziwa mwa njira ina kupatula ndi khutu, ndipo Lella Beya akafika pokhota amafuna ng'oma imudikire pang'ono. Chedli anatseka diso lake n'kumudikira.